Mlongo wanga anagwa pa mota: mapepala atatu, mayankho atatu. Wachira kapena sanachire?

NaNgozo_wa_ku_Domwe walemba:

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Domwe, m'boma la Angónia, ndipo ndabwera ndi nkhani ya mlongo wanga wamng'ono. Dzina ndisalitchule, pakuti mwiniwake sakudziwa kuti ndikulemba.

Ali ndi zaka 31. Ntchito yake inali ya mota, njinga yamoto: m'mawa kunyamula matumba a mbatatesi kupita nawo kumsika wa Ulongwe, masana kunyamula anthu, tsiku lina mpaka kumalire ku Calomue. Motayo sinali yake, inali ya bwana wina amene ankalandira zake sabata ndi sabata. Mwezi wa Epulo, mvula yomaliza ija itagwa usiku, anaterereka pamtsetse, matumba awiri ali kumbuyo, n'kukamenyetsa mutu pamwala. Kapasete, chipewa choteteza mutu, inalipo, inde, koma inali lendelende pachiwongolero. Amene anamutola akuti magazi ankatuluka m'khutu.

Anathamangira naye kuchipatala chakuno, ndipo usiku womwewo ambulansi inapita naye kuchipatala chachikulu. Anakhala chikomokere masiku 4. Ndinkadwazika ndine pamodzi ndi mlamu wanga, mkazi wake. Atatsitsimuka tinati basi zatha, koma panapita masabata awiri ndi masiku angapo akufunsa m'mawa uliwonse kuti "Kodi kuno n'kuti?" Ukamuyankha amavomera, ukatuluka kukatsuka mbale n'kubwerera, funso lomwe lija. Iye ankaitana namwino wina dzina la azakhali athu amene anamwalira kalekale.

Lero papita miyezi 7. Mukamuona panjira simungadziwe kanthu. Amayenda bwinobwino, amalankhula, amaseka, thumba la feteleza la makilogalamu 50 amaliponya paphewa ngati kale. Kutchalitchi anamuimiritsa kutsogolo, anthu n'kululutira kuti wachira. Ine ndinaombera nawo m'manja, koma mtima uli kwina.

Chifukwa chake ndi ichi. Sabata yatha mlamu anamupatsa mametikali 200 kuti akagule mchere, sopo ndi mafuta ophikira. Zinthu zitatu zokha. Anachoka 9 koloko, anabwera dzuwa litapendeka, m'manja muli sopo yekha, chenji sakudziwa komwe chapita. Mlamu atangofunsa mwaulemu, iye anatenga sopoyo n'kumuponya padenga. Munthu amene kale ankasunga m'mutu ngongole za makasitomala khumi osalemba paliponse! Ana ake akamasewera pakhonde amatseka makutu n'kuyamba kukalipa, moti wamng'ono tsopano akangomva sitepe ya bambo ake amathawira kwa agogo. Kudimba amayamba kuthirira, akafika pakati amasiya chitini pomwepo n'kukagona, akuti mutu walemera. Tsiku lina nyemba zinapserera pamoto iye ali pomwepo akukonza wailesi, utsi tolo, iye osamva fungo n'pang'ono pomwe.

Tsono mapepala. Ndili nawo atatu. Loyamba ndi la tsiku lomwe anatuluka m'chipatala, ndipo palembedwa mawu amodzi achipwitikizi otanthauza kuti wapezako bwino. Lachiwiri ndi la mu Ogasiti. Tinaima pamzere kuyambira 6 koloko, titalowa dokotala anamufunsa kuti "Muli bwanji?" Iye anati "Ndili bwino kwambiri." Anamuuza kuti ayende mpaka pakhomo n'kubwerera, amufinye zala, basi. Palembedwa kuti wachira, angathe kuyamba ntchito. Ine ndinatsegula pakamwa koma kunja kunali anthu ambiri, ndinachita manyazi. Lachitatu ndi la mwezi watha, kwa dokotala wina. Tsiku limenelo anali asanagone bwino, ulendo wa pa shapa (minibasi) unamutopetsa, ndiye analephera kutchula mwezi womwe tili, n'kuyamba kulira. Palembedwa kuti sangagwire ntchito iliyonse.

Munthu yemweyo, miyezi iwiri yokha pakati. Mwini mota wagwira pepala lachiwiri, akuti abwerere pamsewu kuti alipire zokonzetsera motayo. Amalume agwira lachitatu, akuti tikalembetse thandizo la boma. Mlongo wangayo akuti palibe chimene chikumuvuta, ife ndife tikumuchitira nsanje.

Kumsika tonse timadziwa kuti lata (chitini choyezera) ya wogula ndi lata ya wogulitsa sizifanana, ina anaimenya pansi kuti ifufume, ina anaipinda. N'chifukwa chake anthu amafuna sikelo. Funso langa ndi lakuti: kodi pa nkhani ya kuvulala ubongo, sikelo ilipo? Njira imodzi yoti aliyense woyeza, kaya ku Ulongwe, kaya ku Tete, kaya kutsidya ku Dedza, apeze yankho lofanana? Ndipo ife apakhomo tingachitepo chiyani kuti asamangoyezedwa ndi "muli bwanji"?

Gogo_wa_ku_Tsangano wayankha:

Pepani mwana wanga. Koma inetu ndinene zoona, muziyamika. Angati amene agwa pa mota m'misewu yathuyi amene tinawaika m'manda? Wanuyo akuyenda, akudya yekha. Kuiwala mchere ndi nkhani? Amuna athu akhala akuiwala mchere zaka 40 osagwa paliponse. Mupatseni nthawi, musamupanikize ndi mafunso ngati ali m'kalasi mwanu. Ndipo pamsewu pokha asabwerere, pamenepo ndagwirizana ndi amalume anu.

Wamafizo_Tete wayankha:

ANangozo, ndimagwira ntchito ya mafizo, ndipo odwala ngati mlongo wanu ndimakumana nawo kawirikawiri. Agogo anena zoona kuti moyo wapulumuka, koma pa mchere paja ndisiyana nawo pang'ono. Wofunika si mcherewo. Chofunika n'chakuti kale sankatero.

Sikelo ilipo. Koma choyamba yang'anani pa pepala la tsiku lomwe anagonekedwa, mwina mupezapo nambala yolembedwa chonchi: 7/15, 9/15, pafupi ndi mawu akuti Glasgow. Umenewo ndi muyezo wa kukomoka, Glasgow Coma Scale, umene madokotala awiri a ku Scotland, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anaufalitsa mu 1974. Amaona zinthu zitatu: kutsegula maso (1 mpaka 4), kulankhula (1 mpaka 5) ndi kusuntha thupi (1 mpaka 6). Zonse pamodzi zimayambira 3 kulekeza 15. Kuyambira 13 mpaka 15 amati kuvulala kwakung'ono, 9 mpaka 12 kwapakati, 8 kutsika m'munsi kwakukulu. Anaupanga pa vuto longa lanuli: namwino wina ankalemba kuti wodwala "akuwodzera", wina "wakomoka pang'ono", ndiye wobwera usiku sankadziwa ngati munthu akutsika kapena akukwera.

Tsono apa m'pamene ambiri timasokonezeka. Muyezo umenewu ndi wa masiku a ngozi. Lero mlongo wanu apeza 15 pa 15 mosavuta, pakuti maso ali otsegula, akuyankha, akufinya zala. Zimene anamuyeza mu Ogasiti zija zikufanana ndi zimenezi, kuphatikizapo mphamvu za miyendo. Si bodza limene linalembedwa, koma ndi yankho la funso lina.

Funso lanu lili ndi muyezo wake. Mu 1975 Jennett yemweyo ndi Michael Bond anatulutsa Glasgow Outcome Scale, wa magulu 5, woona mmene munthu akukhalira pambuyo pake. Kenako unakulitsidwa kukhala magulu 8, umene timautchula GOSE. Koma ngakhale pamenepo oyeza awiri ankatha kumuika munthu mmodzi m'magulu osiyana, chifukwa aliyense ankafunsa mwa njira yake. Ndiye mu 1998 Lindsay Wilson, Laura Pettigrew ndi Teasdale analemba mafunso enieni oti aliyense azifunsa, motsatana mofanana. Sikelo mukufunayo ndi mafunso amenewo.

Magulu ake: 1 ndi imfa. 2 ndi munthu amene maso amatsegula koma sazindikira chilichonse. 3 ndi 4 ndi ulumali waukulu, munthu wodalira ena. 5 ndi 6 ndi ulumali wapakati, munthu wodzisamalira yekha koma ntchito kapena kukhala ndi anthu zikuvuta. 7 ndi 8 ndi kuchira bwino.

Mafunsowo amayenda chonchi. Kodi atasiyidwa yekha pakhomo usana ndi usiku angadzisamalire: kusamba, kuvala zoyera popanda womukumbutsa, kudzikonzera chakudya, kulandira mlendo, kuthana ndi kavuto kogwa mwadzidzidzi? Ngati sangathe, nanga maola 8 okha angathe? Wolephera maola 8 ali pa 3, wotha maola 8 koma osati tsiku lonse ali pa 4. Kodi angakagule zinthu yekha, kutanthauza kulinganiza zogula, kusamala ndalama, ndi kukhala bwino pagulu? Kodi angayende yekha ulendo wapafupi? Wolephera chimodzi mwa ziwirizi ali pa 4. Kenako ntchito: wogwira mochepera kale ali pa 6, wolephereratu ali pa 5. Kenako kucheza ndi zosangalatsa, poyerekeza ndi kale. Kenako mtendere wa pabanja: ngati kupsa mtima ndi kusintha khalidwe kukubweretsa mkangano mwa apo ndi apo, osafika kamodzi pasabata, ndi 7; kamodzi pasabata kapena kupitirira koma kopiririka, ndi 6; tsiku ndi tsiku kosapiririka, ndi 5. Pomaliza zotsalira monga mutu, chizungulire, kutopa, kuiwala, kudana ndi phokoso. Zikakhalapo n'kumasokoneza moyo wa tsiku ndi tsiku, munthu safika pa 8.

Lamulo lake n'lakuti nambala yotsikitsitsa ndiyo imawerengedwa. Ndiye taonani: munthu wonyamula thumba la makilogalamu 50 angathe kukhala pa 4, ulumali waukulu, ngati zoona zake n'zakuti sangatumidwe kumsika. Anthu amadabwa nazo zimenezi, chifukwa ife timati wolumala ndi wa ndodo kapena wa njinga.

Sindikunena kuti mlongo wanu ali pa 4. Sindinamuone, ndipo ulendo umodzi wa sopo si umboni wokwanira. Kuti muyezo ukhale woona pamafunika zinthu zingapo. Muziyerekeza ndi mmene analili ngozi isanachitike, osati ndi anthu ena. Ngati kale sankaphika, kusaphika lero si chizindikiro. Muzifunsa zimene angathe, osati zimene amachita, chifukwa mwina mlamu wanu amamuchitira zonse mwachikondi. Afunsidwe iye, afunsidwenso munthu wokhala naye, makamaka payekha, pakuti kuvulala kwa ubongo wa kutsogolo kumatha kumulanda munthu mphamvu yoona kusintha kwake. Akamati "ndili bwino" sakunama, akuona choncho. Ndipo asayezedwe ndi tsiku limodzi, labwino kapena loipa, koma mmene wakhalira masiku ano onse. Kawirikawiri amayeza pa miyezi 3, 6 ndi 12.

Vuto limodzi ndi lakuti mafunsowa anabadwira ku Ulaya. Kwathu kuno ndani amakhala yekha pakhomo maola 24? Pali agogo, pali ana, pali anansi. Ndiye ine ndimafunsa kuti: "Mudzi wonse utapita kumaliro kutali n'kukagona komweko, mungamusiye ndi moto, mbuzi ndi nyumba, mtima uli m'malo?" Mkazi akayankha msanga kuti "Iii ayi," ndamva kale zambiri. M'malo mwa sitolo yaikulu ndimafunsa za kuchigayo: angapite ndi chimanga, kulipira, kubwera ndi ufa ndi chenji? M'malo mwa basi ndimafunsa za shapa: angakwere, kutsika pamalo oyenera, kubwerera?

Masabata awiri aja ankafunsa "kuno n'kuti" nawonso ndi muyezo. Ndi nthawi imene ubongo sunkasunga zatsopano, ndipo ikapitirira sabata timadziwa kuti kuvulala kunali kwakukulu. Muziwauza madokotala nthawi zonse, chifukwa pa mapepala nthawi zambiri sizilembedwa. Za fungo nazonso zimachitika munthu akamenyetsa mutu, ndipo n'zoopsa pa moto ndi pa chakudya chowonongeka.

Chomaliza, ndipo ichi musachedwe nacho: akagwa ngati wakhunyu, mutu ukamakulirakulira kuwawa, akamasanza, akamawodzera kuposa masiku onse, kapena mbali imodzi ikafooka, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mowa ayi, ngakhale wamasese. Mota ayi, kufikira atayezedwa bwino, chifukwa kumenyetsanso mutu kachiwiri n'koopsa kwambiri, ndipo kumbuyo amanyamula ana a eni.

NaNgozo_wa_ku_Domwe wayankha:

A Wamafizo, zikomo kwambiri. Ndapita kukafufuza m'chikwama cha mapepala, ndipo nambala ija ndaipeza, pakona, yolembedwa mothamanga: 7/15. Miyezi yonseyi ndimaganiza kuti ndi nambala ya bedi.

Funso la kumaliro lija ndamufunsa mlamu madzulo ano tikusenda mbatatesi. Sanayankhe msanga. Anasenda ina, n'kusendanso ina, kenako anati, "Alamu, kuyambira Meyi sindinapiteko kumaliro ogona. Anthu akundinena kuti ndine wonyada." Ine sindinkadziwa. Timakhala moyandikana, nyumba yanga ndi yawo mpata wake ndi nkhokwe imodzi, koma sindinkadziwa. Akuti ngakhale popita kumjigo amauza mwana wamkulu, wa zaka 9, kuti aziyang'anira bambo ake.

Koma pali pamene sindikumvetsa. Mwati tizifunsa zimene angathe, osati zimene amachita. Tidziwa bwanji zimene angathe pamene sitinamusiyepo? Mwina mlamu akuopa chabe. Mwina ifeyo ndi amene tikumulumalitsa ndi mantha athu. Agogo a ku Tsangano mwina ali ndi mfundo pamenepa.

Ndipo china, kunena mosabisa: dokotala wokhala ndi anthu 60 pamzere adzapeza kuti nthawi yofunsa zonsezi?

Mwana_wa_Moatize wayankha:

Achemwali, ndalowa nkhaniyi mochedwa, koma ndilankhule ngati munthu wa mbali inayo. Ineyo ndi amene ndinagwa. Zaka 6 zapitazo galimoto inandigunda ndikuwoloka msewu madzulo kuno ku Moatize, ndikuchokera kuntchito. Za tsikulo sindikumbukira kanthu mpaka lero, ndimangomva kwa anthu.

Zimene akunena a Wamafizo zakuti munthu sadziona, n'zoona zenizeni. Chaka chonse choyamba ndinkakhulupirira kuti mkazi wanga ndi amene wasintha. Ndinkati akubisa zinthu zanga, akundinamizira kuti anandiuza zimene sanandiuze. Tsiku lina anandijambula mawu pafoni ine osadziwa, ndikukalipira mwana chifukwa cha supuni yogwa pansi. Mawa lake, nditakhala bwino, anandimvetsera. Sindinazindikire liwu langa. Ndinafunsa kuti bambo ameneyu ndani. Tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kuvomereza, ndipo kunali kowawa kuposa bala.

Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Musamuyeze mobisa ngati mbuzi ya pamsika. Palibe chimene chinkandipweteka ngati abale kukambirana za ine pa chichewa chomwe ndimamva, ine ndili pampando pomwepo. Wina ankati wapenga, wina ankati anamulodza a kuntchito, wina ankati ndi ulesi. Mlongo wanu akamati mukumuchitira nsanje, mwina n'chifukwa akuona manong'onong'o akaloŵa m'nyumba koma palibe womuuza m'maso. Khalani naye pansi, m'mawa asanatope, mumuuze kuti, "Tikufuna tione limodzi zimene zikubwerera ndi zimene zatsala." Kope likhale lake, azilembamo nayenso.

Za nambala ija, ine ndili ndi mawu. Panopa ndikuganiza angandiike pa 7, kapena 6. Ndinabwerera kuntchito, ndimakwera shapa kuwoloka Zambezi kupita mumzinda ndekha, ndimagula zinthu. Pa pepala ndine wochira. Koma pepalalo silidziwa kuti ndikaweruka ndimagona maola awiri ndisanathe kulankhula ndi ana, kuti ku ukwati ndimakhala mphindi 30 n'kuthawa zokuzira mawu, kuti kutentha kwa Okutobala kuno kumandisandutsa chitsiru pofika masana. Foni yanga ili ndi ma alamu 9 patsiku. Popanda iwo sindine wa pa 7. Ndiye sikelo ndi yabwino, koma magulu 8 okha pa moyo wonse wa munthu ndi ochepa. Munthu angasinthe kwambiri osachoka pa nambala imodzi.

Ndipo musataye mtima ndi miyezi 7. Ine kuwerenga nkhani mpaka kumapeto osaiwala chiyambi kunabwerera m'chaka chachiwiri. Fungo lokha silinabwerere. Nsomba ya pende yowotcha ndimangoiona ndi maso.

Kabaza_wa_ku_Zobue wayankha:

Inu mukukamba za sikelo, koma sikelonso amaibera. Banja likafuna thandizo la boma lidzayankha kuti sangathe chilichonse. Likafuna kuti abwerere kuntchito lidzayankha kuti amatha zonse. Mafunso akhale ofanana, koma oyankha ndi anthu a njala. Ndipo tinene zoona, mnzathuyu akapanda kukwera mota adya chiyani? Ife tonse tinagwapo.

Wamafizo_Tete wayankha:

Achimwene a ku Zóbuè, simunaname. N'chifukwa chake woyeza wabwino safunsa kuti "angathe?" n'kulekera pomwepo. Amafunsa kuti "Ndiuzeni ulendo womaliza umene anapita kumsika yekha. Linali liti? Munamutuma chiyani? Anabwera ndi chiyani?" Bodza limavuta likafunsidwa tsiku ndi mtengo. Koma kugwa n'kusupuka bondo ndi kwina, kukhala chikomokere masiku 4 ndi kwina. Pamsewu pamafunika maso, makutu ndi kuganiza msanga nthawi imodzi, ndipo zimenezo ndi zomwe zimachedwa kubwerera.

ANangozo, funso lanu ndi labwino, ndipo yankho lake n'kuyesa pang'onopang'ono, mopanda ngozi. Mumutume ku kantini yapafupi chinthu chimodzi ndi ndalama yokwanira ndendende. Zikayenda katatu, zinthu ziwiri ndi chenji. Kenako zitatu zolembedwa pakapepala, kenako popanda kapepala. Kumusiya yekha muyambe ndi ola limodzi, moto utazimitsidwa, wina ali pafupi. Mukatero mudziwa ngati ndi mantha a mlamu wanu kapena ndi zoona, ndipo kuyesako pakokha ndi mankhwala.

Inu ndinu mphunzitsi, kaundula mumamudziwa. Gulani kope, tsamba lililonse likhale sabata imodzi, mitu yake ikhale yomweyo osasintha: kukhala yekha, kugula, ulendo, ntchito, kucheza, mkangano, zowawa. Musalembe kuti "anali bwino" kapena "anavuta". Lembani zimene zinachitika: "Lachiwiri, anathirira mizere 6 pa 14, anagona maola awiri." "Sabata ino wakalipa katatu." Dokotala wa anthu 60 alibe nthawi yofunsa, koma tsamba limodzi lachidule, lolembedwa m'chipwitikizi, aliwerenga mphindi imodzi. Pamwamba lembani 7/15, masiku 4 chikomokere, masabata awiri osasunga zatsopano. Ndipo muzipempha kuti mlamu wanu alowe nawo.

Zimene anena achimwene a ku Moatize n'zoona, GOSE ndi sefa ya mabowo aakulu. N'chifukwa chake sitiigwiritsa yokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi mafunso ena otchedwa WHODAS 2.0, aafupi ali 12, aatali 36, ofunsa za masiku 30 apitawo, ndipo alipo m'chipwitikizi, ena oyankha wodwala, ena oyankha m'bale. Funsaninso ngati angaonedwe ndi a zamaganizo, chifukwa kulira kuja ndi kupsa mtima nthawi zina kumakhala ndi matenda a nkhawa kapena kukhumudwa mkati mwake, ndipo zimenezo zili ndi thandizo. Kuchira kumathamanga m'miyezi 6 yoyamba, kenako kumayenda pang'onopang'ono, koma sikuima pomwepo.

Za thandizo la boma, ofesi yake ndi INAS, ndipo mabungwe a anthu olumala monga ADEMO angakuuzeni njira. Kumeneko kopelo lidzakuthandizaninso, chifukwa ulumali wosaoneka ndi maso umavuta kufotokoza pakamwa.

NaNgozo_wa_ku_Domwe wayankha:

Ndabweranso patapita masabata awiri. Tinakhala naye pansi Loweruka m'mawa monga munanenera achimwene a ku Moatize, ine, mlamu ndi iye, ana titawatumiza kwa agogo. Poyamba anakwiya, anati tikufuna kumulembera ngati mwana wa giredi 1. Ndinangomupatsa kope ndi cholembera n'kukhala chete. Patapita nthawi anafunsa kuti, "Kodi n'zoona mwana uja amandithawa?" Mlamu anavomera ndi mutu. Mlongo wanga sanayankhulenso, anatuluka n'kukakhala kuseri kwa khola. Madzulo ndinapeza walemba yekha tsiku pamwamba pa tsamba loyamba. Analakwitsa mwezi, anafufuta, n'kukonza.

Mpaka pano zili chonchi. Chinthu chimodzi ku kantini: katatu pa katatu. Zinthu ziwiri ndi chenji: kawiri pa kanayi, ndipo ulendo wina anabwera ndi machesi m'malo mwa mchere. Yekha pakhomo ola limodzi: bwinobwino. Maola atatu: anasiya khola lotsegula, mbuzi zinalowa m'dimba la aneba, tinalipira kabichi 5. Kukalipa: sabata yoyamba kasanu, yachiwiri katatu, ndipo konse kunali madzulo kapena wailesi ikulira ana akusewera. Zimenezi sitikanaziona popanda kulemba. Tsopano wailesi timazimitsa ana akaweruka.

Mwini mota anabweranso Lachinayi ndi pepala lake lija. Amalume anamuonetsa kope, anawerenga za mbuzi, anakhala kaye chete, kenako anati tikambirana za ngongoleyo tikakolola. Sanakhululuke, koma makiyi anabwerera nawo.

Tsiku lokaonana ndi dokotala ndi pa 9 Disembala. Tsamba lachidule ndalemba kale, mlamu alowa nawo, ndipo tinyamuka dzulo lake kuti akagone kwa msuweni wathu pafupi, asakafike atatopa ndi shapa. A Wamafizo, funso limodzi: pa tsambalo ndilembepo nambala imene ine ndikuganiza, kapena ndingolemba zochitika n'kuwasiyira okha? Ine ndi mlamu tikusiyana. Iye akuti 4. Ine ndikuti tidikire kaye za kuchigayo, tikumutuma Lolemba.